Kachingwe komanga bwato ndi mwezi m'dzanja lanu

M'Chichewa tili ndi mawu amodzi amene timawasenzetsa katundu wambiri: mtsempha. Namwino akafuna kutenga magazi, amafunafuna mtsempha. Mwendo ukachita dzanzi, timati ndi mitsempha. Nyama ikakanika kutafunika, timati yachuluka mitsempha. Koma mu Bayoloje zimenezi ndi zinthu zosiyana, ndipo ziwiri mwa izo ndi zimene zimasokoneza ophunzira ambiri pa mayeso: tendon ndi ligament.

Tendon imalumikiza mnofu ku fupa. Ngati munaseweretsapo chipalapasiro cha nkhuku, mukudziwa kachingwe koyera kaja kamene mukakakoka zala zimafumbata. Kameneko ndi tendon, ndipo ntchito yake ndi kuyendetsa fupa. Ligament imalumikiza fupa ku fupa linzake, ndipo ntchito yake ndi kuletsa: imalola mafupa kuyenda mpaka pamalire, kenako imagwira.

Ine ndimaphunzitsa Fizikisi, ndiye mwina mukudabwa kuti ndikulimiranji m'munda wa eni. Chifukwa chake n'chakuti ligament ndi chingwe, ndipo chingwe chokokedwa ndi nkhani ya Fizikisi. Ndasankha imodzi yokha, yaing'ono kuposa chikhadabo chanu, imene ili pa mfundo ya dzanja, paja timavala wotchi. Dzina lake ndi scapholunate ligament. Mwa maligament onse omanga timafupa ta pamalo amenewa, iyi ndi imene imaduka kawirikawiri, ndipo ikaduka anthu ambiri amangoti "ndangobinya basi."

Timafupa 8 pamalo amodzi

Kuchokera pachigongono kufika pa mfundo ya dzanja pali mafupa awiri: radius kumbali ya chala chachikulu, ndi ulna kumbali ya kachala kakang'ono. Mukatsamira tebulo ndi chikhatho, pafupifupi magawo 80 pa 100 a katunduyo amadutsa mu radius, otsalawo mu ulna.

Kutsogolo kwa mafupa awiriwa kuli timafupa 8 tondanda m'mizere iwiri. Mzere woyamba, woyandikana ndi mkono, uli ndi scaphoid, lunate, triquetrum ndi pisiform. Mzere wachiwiri, woyandikana ndi chikhatho, uli ndi trapezium, trapezoid, capitate ndi hamate. Mukaphatikiza mafupa 5 a m'chikhatho ndi 14 a m'zala, dzanja limodzi lili ndi mafupa 27.

Mayinawa asakuopseni, ndi ongofotokoza maonekedwe. Scaphoid likuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza bwato. Lunate likuchokera ku mawu a Chilatini otanthauza mwezi, chifukwa kafupako n'kokhota ngati mwezi ukangooneka kumene. Ndiye scapholunate ligament ndi chingwe chomanga bwato ndi mwezi, basi.

Mutha kupeza malo ake panokha. Tambasulani chala chachikulu ngati mukuimitsa galimoto. Kumunsi kwake kwatuluka kadzenje, pakati pa matendon. Akatswiri amakatchula kuti anatomical snuffbox, chifukwa anthu ankathirapo fodya wa m'mphuno. Pansi pa kadzenjeko pali scaphoid. Tsopano papasani kumbuyo kwa dzanja, kumapeto kwa radius, mpaka mupeze kachulu kakang'ono kolimba. Kuchokera pamenepo sunthani chala pafupifupi sentimita imodzi kulowera ku zala. Mupeza pofewa pang'ono. Ligament yathu ili pansi pomwepo.

Mzere wopanda woukoka

Apa ndi pamene pali chodabwitsa. Minofu imene imapinda mfundo ya dzanja ili m'mkono, ndipo matendon ake amadumpha mzere woyamba n'kukagwira kutsogolo. Scaphoid, lunate ndi triquetrum palibe tendon imene imazikoka mwachindunji. Zimangoyenda chifukwa chokankhidwa ndi mafupa oyandikana nazo. Tangoganizani miyala itatu yosalala yopanikizidwa pakati pa matabwa awiri. Popanda chozimanga, iliyonse ingaterereke kulowera kwake.

Ndipo zimafunadi kulowera kosiyana. Scaphoid siinaime chilili. Inapendekeka ndi madigiri pafupifupi 45, ngati makwerero otsamira khoma. Mukafumbata chinthu mwamphamvu, mzere wachiwiri umaikankha kumapeto kwake, pamene radius ikuichirikiza kumapeto enawo. Mphamvu ziwirizi sizili pa mzere umodzi, ndipo mukudziwa kale zimene zimachitika zikatero: pamabadwa moment, ndiye kuti mphamvu kuchulukitsa ndi mtunda wake kuchokera pozungulira. Moment imeneyi imachititsa scaphoid kuweramira kuchikhatho. Mbali inayo, triquetrum imakhudzana ndi hamate pamalo opotoka ngati sikuluwu, ndiye ikapanikizidwa imagadamira kumbuyo.

Lunate ili pakati. Kumbali ina yamangidwa ku scaphoid ndi scapholunate ligament, kumbali inayo yamangidwa ku triquetrum ndi lunotriquetral ligament. Zili ngati pofinya chitenje pochapa: dzanja lina likupotolera kutsogolo, lina kumbuyo, pakati pamalimba koma sipazungulira. Mamoment awiriwo amafafanizana, mzere wonse umakhazikika, ndipo dzanja limakhala ndi maziko ogwirira khasu, cholembera kapena chiwongolero cha njinga.

Yesani izi kunyumba. Tengani mabokosi atatu a machesi, muwandandike m'mbali ndi m'mbali, muwamate ndi selotepi pamwamba ndi pansi. Gwirani awiri a m'mphepete, potolerani lina kutsogolo, lina kumbuyo. La pakati silisuntha. Kenako dulani selotepi ya mbali imodzi, mubwereze. Bokosi la pakati litsatira lomwe lidakali lomatidwa nalo, ndipo lomasukalo lizungulira palokha. Zimenezi ndi zomwe zimachitika m'dzanja ligament yathu ikaduka: scaphoid imawerama yokha, lunate imagadama potsatira triquetrum.

Kachingweko tikakayang'anitsitsa

Ligament imeneyi ndi yokhota ngati chilembo C, ndipo ili ndi zigawo zitatu. Dokotala Richard Berger wa ku Mayo Clinic ku America anazifotokoza bwino mu 1996, ndipo mu 1999 iye ndi anzake anakoka chigawo chilichonse pa makina mpaka kuduka.

Chigawo cha kumbuyo kwa dzanja ndi chochindikala kuposa zonse, mamilimita 2 mpaka 3, ndipo ulusi wake ndi waufupi, woyenda molunjika kuchokera ku fupa lina kupita ku linzake. Chinaduka pa 260 N. Chigawo cha kuchikhatho ndi chopyapyala, ulusi wake unapendekeka, ndipo chinaduka pa 118 N. Chigawo cha pakati, choyang'anizana ndi radius, ndi kachikopa kofanana ndi chicherewecherewe, ndipo chinaduka pa 63 N yokha.

Kodi 260 N ndi yochuluka bwanji? Chigubu cha madzi cha malita 20 chimalemera pafupifupi 200 N. Ndiye kachingwe kochindikala ngati timitengo tiwiri ta machesi kangathe kunyamula chigubu chodzaza, n'kutsalako ndi mphamvu. N'kolimba ndithu. Koma sungani nambala imeneyi, tiifuna posachedwa.

Ligament inapangidwa ndi chiyani? Pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kulemera kwake ndi madzi. Mwa zotsalazo, zambiri ndi puloteni yotchedwa collagen, imene imapanga ulusi wopotana ngati chingwe cha khonje. Collagen mumaidziwa ngakhale simunamvepo dzina lake. Mang'ina akaphikidwa nthawi yaitali, msuzi wake umanata, ndipo ukazizira umagwirana. Imeneyo ndi collagen ya m'matendon, m'maligament ndi m'chikopa imene yasungunuka. Thupi silingapange collagen yolimba popanda vitamini C, amene timamupeza m'magwafa, malambe, malalanje ndi masamba.

Si sipuling'i, si legeni

Mu Fomu 3 kapena 4 mumakumana ndi lamulo la Robert Hooke, limene analisindikiza mu 1678: kutalika kumene sipuling'i imawonjezera kumayenderana ndi mphamvu yoikoka, F = ke, bola musapyole malire. Galafu yake ndi mzere wowongoka kuyambira pa ziro.

Ligament simvera lamuloli kuchokera pachiyambi. Ikakhala pa mpumulo, ulusi wa collagen umakhala wopindikapindika ngati mafunde ang'onoang'ono. Mukayamba kukoka, mafundewo ndi amene amawongoka, ndiye imatalika mosavuta ndi mphamvu yochepa. Galafu imayamba yogona. Ulusi wonse ukawongoka, imalimba mwadzidzidzi, galafu imakwera ndipo apa ndi pamene imafanana ndi ya Hooke. Mukapitiriza kukoka, ulusi umayamba kuduka umodziumodzi, kenako wonse.

Mwaona nzeru yake? Pa mayendedwe a tsiku ndi tsiku ligament ndi yofewa, siilimbana nanu. N'chifukwa chake dzanja limatha kuwerama madigiri pafupifupi 80 ndi kugadama pafupifupi 70. Koma pofika kumalire imasanduka chingwe cholimba. Legeni ikanakhala m'malo mwake, mafupa bwenzi akungotayana. Waya akanakhala m'malo mwake, dzanja bwenzi lili ngati thabwa.

Chinanso, ligament si chingwe chakufa. Muli timitsempha ta uthenga timene timamva ikakokedwa. Mu 2009 Elisabet Hagert ndi anzake ku Sweden anaonetsa kuti akaigwedeza ligament imeneyi ndi magetsi ochepa, minofu ya m'mkono imayankha m'kanthawi kochepa kwambiri, munthu asanaganize n'komwe. Ndiye kuti ili ngati mlonda: imagwira, komanso imakuwa kuti minofu ibwere kudzathandiza.

Tiyeni tiwerengere kugwa

Ligament imeneyi imaduka kawirikawiri munthu akagwa n'kutsogoza chikhatho, dzanja litagadama. Zimachitika pa ntchemberembaye, pa mpira wa miyendo, pogwa pa njinga, poterera m'matope kapena pogwa mumtengo wa mango. Tiyeni tione kukula kwa mphamvu yake. Manambala awa ndawasankha ine kuti masamu aphweke, koma sali kutali ndi zenizeni.

Tinene kuti wophunzira wapunthwa, ndipo thupi lake latsika mamita 0.8 asanafike pansi. Titenge g = 10 m/s².

v² = 2gh = 2 × 10 × 0.8 = 16, ndiye v = 4 m/s.

Dzanja siliimitsa thupi lonse, popeza mawondo ndi chiuno zimalandirako. Tinene kuti gawo la dzanja limodzi ndi makilogalamu 10.

Momentum = mv = 10 × 4 = 40 kg m/s.

Mphamvu ndi kusintha kwa momentum kugawa ndi nthawi. Akagwera pa simenti, chigongono chitawongoka kuti gwa, zonse zimatha m'masekondi ngati 0.02.

F = 40 ÷ 0.02 = 2,000 N.

Zimenezi ndi zigubu 10 zodzaza madzi, pa chikhatho chimodzi, m'kuphethira kwa diso. Zoona, mphamvu yonseyi siipita ku ligament. Yambiri imadutsa m'mafupa ngati kupanikiza. Koma dzanja likagadama kwambiri, capitate imalowa pakati pa scaphoid ndi lunate ngati nkhwangwa m'chikuni, n'kuzikankha kuti zipatukane. Kagawo kochepa chabe ka 2,000 N kakasanduka kukoka, 260 N ija yapyoledwa kale.

Tsopano sinthani chinthu chimodzi. Wophunzira yemweyo apinde chigongono pofika pansi n'kugubuduzika, kuti nthawi yoima ikhale masekondi 0.2.

F = 40 ÷ 0.2 = 200 N.

Momentum ndi yomweyo, koma mphamvu yatsika kakhumi. Ichi n'chifukwa chake a judo amayamba aphunzira kugwa asanaphunzire kugwetsa anzawo, ndipo goloboyi wodziwa ntchito amagwera pambali pa thupi, osati pa chikhatho. N'chifukwa chakenso kugwera pa mchenga kuli bwino kuposa pa simenti. Chinsinsi ndi nthawi.

Si kugwa kulikonse kumene kumadula ligament. Chimene chimagonja ndi chomwe chili chofooka pa msinkhu wa munthuyo. Kwa agogo, kawirikawiri amathyoka radius. Kwa inu amene mukukulabe, kumapeto kwa radius kuli kachigawo ka chicherewecherewe komwe fupa limakulira, ndipo nthawi zambiri kameneko ndi kofooka kuposa ligament. Kwa amene atsiriza kumene kukula, mafupa alimba, ndiye scaphoid imathyoka kapena ligament imaduka. A Fomu 3 ndi 4 ambiri muli pamalire amenewa.

"Anajambula, akuti sindinathyoke"

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. X-ray imaonetsa mafupa chifukwa calcium imatsekereza cheza chake. Ligament ilibe calcium, ndiye chezacho chimangodutsa. Pa chithunzi siioneka, kaya ndi yabwino kaya yaduka. Chimene dokotala amaona ndi zotsatira zake: mpata pakati pa scaphoid ndi lunate. Mpatawo umakhala pafupifupi mamilimita 2. Ukapyola mamilimita 3, amakayikira. Chizindikirochi anachitcha Terry-Thomas sign, potengera katswiri wa nthabwala wa ku England amene ankadziwika ndi mpata wa pakati pa mano ake akutsogolo. Pa chithunzi cha chammbali amayezanso ngodya ya pakati pa mafupa awiriwa, imene imayenera kukhala pakati pa madigiri 30 ndi 60.

Koma m'masiku oyamba mpatawo ukhoza osaoneka. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo ligament yathu siigwira ntchito yokha. Pali maligament ena ataliatali ochokera ku radius ndi ku mzere wachiwiri amene amagwiriziza scaphoid. Yaing'onoyo ikaduka, iwo amasenza katundu wake kwa kanthawi. Koma collagen ikamakokedwa mosalekeza imatalika pang'onopang'ono, ngati chingwe choyanikira zovala chimene chimalendewera pakapita miyezi. Mpata umayamba kuoneka mochedwa. Pofuna kuugwira msanga, achipatala nthawi zina amajambula munthu atakunga chibakera, kuti capitate ikankhe mafupa awiriwo, ndipo amajambulanso dzanja labwinolo kuti afananize. Scaphoid yothyoka nayonso imatha kubisala pa chithunzi choyamba, n'chifukwa chake amauza munthu kuti abwerenso patatha masiku 10 mpaka 14.

Nanga ikasiyidwa choncho? Tengani masupuni awiri ofanana, muike ina m'kati mwa inzake. Zimakhudzana paliponse. Potolani ya pamwamba pang'ono: tsopano zikukhudzana m'mphepete mokha. Scaphoid imakhala m'kabeseni ka radius mofanana ndi masupuniwa. Ikawerama, malo okhudzana amachepa, ndipo mukudziwa kuti P = F ÷ A. Mphamvu ndi yomweyo, malo achepa, kupanikiza kwakwera. Chicherewecherewe chosalala chimene chimakuta mafupa chimaperepeseka, ndipo sichimeranso. Patatha zaka, munthu amakhala ndi nyamakazi ya pa mfundo ya dzanja, dzanja louma ndi lopweteka. Madokotala Watson ndi Ballet a ku America anafotokoza ndondomeko ya kuwonongeka kumeneku mu 1984, ndipo anaitcha SLAC wrist.

Vuto ndi lakuti ligament yoduka yonse siilumikizana yokha. Magazi amafikako ochepa, nsonga zake zimasambira m'madzi oterera a m'mfundo, ndipo mamoment aja amangozikokera kosiyana. Madokotala a mafupa amatha kuisoka ndi kugwiriziza mafupa ndi timawaya, koma zimayenda bwino m'masabata oyambirira, pafupifupi 6. Pambuyo pake nsongazo zimafota, ndipo opaleshoni imakhala yaikulu, zotsatira zake zosatsimikizika. Yong'ambika pang'ono chabe imatha kuchira ndi chikhakha kapena chomangira, kenako mafizo.

Mukagwa, chitani izi

Vulani wotchi, mphete ndi zibangiri dzanja lisanatupe. Ligwirizizeni ndi katoni yopinda kapena kathabwa, mumange ndi nsalu mosathinitsa. Ikanipo nsalu yonyowa ndi madzi ozizira kwa mphindi 15 mpaka 20, ndipo dzanja likhale m'mwamba. Musalole mnzanu kulikoka kuti "libwerere m'malo." Kukoka ndi kumene kumamaliza ulusi wotsala. Kusisita mwamphamvu kapena kutema mphini sikufika pamene pali vuto.

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati dzanja lapindika, zala zachita dzanzi, kapena simungathe kugwira kanthu. Pitaninso ngati patapita masiku angapo mukumvabe ululu m'kadzenje kaja kapena pofewa paja kumbuyo kwa dzanja, ngati mukumva kuti "khe" mukalipotola, kapena ngati mukulephera kutsamira chikhatho podzuka pa mpando. Ngakhale anakujambulani kale, bwererani mukanene kuti ululu sukutha. M'zipatala za m'maboma muno m'Malawi muli ma clinical officer ophunzira za mafupa, ndipo zovuta amazitumiza ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe.

Anyamata a mpira, ndikudziwa kuti kumanga bandeji n'kubwerera m'bwalo kumaoneka ngati kulimba mtima. Koma dzanja lomwelo ndi limene mudzalembere MSCE, ndipo mudzadyera lomwelo zaka 50 zikubwerazi. Masabata ochepa a pa benchi ndi otchipa.

Zoyeserera

1. Fotokozani kusiyana kwa tendon ndi ligament, potchula zimene chilichonse chimalumikiza ndi ntchito yake.

2. Mpira wa makilogalamu 0.45 ukubwera pa liwiro la 20 m/s. Pezani mphamvu imene manja a goloboyi alandire akauimitsa m'masekondi 0.01, ndiponso akaubweza nawo manja kuti uime m'masekondi 0.05.

3. Chigawo cha kuchikhatho cha scapholunate ligament chimaduka pa 118 N. Kodi amenewa ndi malita angati a madzi? Lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, ndipo g = 10 m/s².

4. Jambulani pa pepala limodzi galafu ya mphamvu ndi kutalika ya sipuling'i, ndi ya ligament. Fotokozani chifukwa chake zikusiyana pachiyambi.

Mayankho a masamu: funso 2, 900 N ndi 180 N, funso 3, malita 11.8. Funso 1 ndi 4 mayankho ake ali m'mwambamu. Yesani kulemba m'mawu anuanu musanabwerere kukasuzumira.